Mafunso ndi mayankho: kuphunzira HR komanso nkhani yogwira ntchito pagulu

Mafunso awa ndi omwe amabwera mobwerezabwereza, ena kuchokera kwa anthu oti akuganiza zoyamba kosi ya HR (Human Resources, yoona za anthu apantchito), ena kwa oti anayamba kale koma gulupu ya assignment yawakwana. Ena ndayankha mwachidule, ena ndatalikitsa poti nkhani yake ndiyotero.

HR yo ntchito yake kwenikweni ndi chani?

Ndi kuyendetsa nkhani zonse za anthu pamalo antchito, kuyambira tsiku lomwe kampani yaona kuti pakufunika munthu mpaka tsiku lomwe munthuyo akutuluka pageti komaliza, kaya wapuma, kaya wasiya yekha, kaya achita kumuchotsa. Pakatipo nde pali zambiri: kulengeza ntchito, kusefa makalata, maintavyu, kontrakiti, kumulandira watsopanoyo kuti asamangosochera sabata yoyamba, malipiro, tchuthi, maphunziro apantchito, kuunika mmene munthu akugwirira, madandaulo, kukambirana ndi a yuniyoni, chilango. Anthu ambiri a HR amawakumbukira pawiri basi, polemba ndi pochotsa, koma masiku awo ambiri amathera pa zapakatizi.

Ine ndimakonda anthu, ndiye kuti HR indiyanja eti?

Mwina, koma chifukwa chimenecho pachokha nchosakwanira, ndipo pa intavyu musakangonena chokhacho. Tsiku lina mudzakhala muofesi ndi bambo woti mumaseka naye daily, ana ake mumawadziwa maina, patebulo pali kalata yoti ntchito yake yatha chifukwa kampani ikuchepetsa anthu, ndipo womuwerengera ndinu. Tsiku lina abwana akulu adzafuna kuchotsa munthu lero lomwe ati wawayankha mwano, inu mudzayenera kuwauza kuti ayi bwana, munthuyu timumve kaye, ndondomeko yake ndi iyi, apo bii tikagwa nayo kukhoti. Kukonda anthu kumathandiza ndithu koma chomwe chimakusungani pantchitoyi ndi kusakondera, kusunga chinsinsi, ndi kutha kunena zowawa osamunyazitsa munthu. Ngati muli oti nkhani ikakupezani pakamwa pamayabwa mpaka muuze wina, yambani kudzigwira panopa, chifukwa a HR amadziwa salale ya aliyense, matenda a ena, ngongole za ena.

Mu kosimo mumakhala zotani? Masamu alimo?

Maina amasiyana sukulu ndi sukulu koma mitu yake ndi yomweyi: kalembedwe ka anthu ntchito, malamulo a ntchito, malipiro, kuphunzitsa antchito, ubale wa olemba ndi olembedwa ntchito, komanso khalidwe la anthu m'mabungwe, momwe ndi momwe mumapezeka nkhani ya matimu. Malamulowo muphunzire a dziko lomwe mukagwireko ntchito chifukwa amasiyana, ngakhale mayiko ambiri amatengera mfundo za ILO, bungwe loona za ntchito padziko lonse lomwe linakhazikitsidwa mu 1919.

Masamu alimo, pepani amene munabwera kuno kuthawa manambala kkk. Si ovuta koma alimo. Tiyerekeze kampani ili ndi anthu 200 ndipo pachaka pachoka 30, ndiye kuti 15 peresenti apita, nde abwana adzafuna kudziwa kuti ochokawo ngachigawo chiti, anakhala nthawi yaitali bwanji, kupeza ena ndi kuwaphunzitsa kutidyera ndalama zingati. Excel muidziwe bwinobwino, osati yongotsegula nkutseka.

Maina akalekale aja, a Taylor, a Maslow, tingoloweza za mayeso kapena ali ndi ntchito?

Ali ndi ntchito mukawaona ngati anthu omwe ankatsutsana, osati ngati mndandanda woloweza. Frederick Taylor, cha mu 1911, ankakhulupirira kuti ntchito iliyonse ili ndi njira imodzi yabwino yoigwirira, muipeze poyeza ndi wotchi, muphunzitse munthu, mumulipire molingana ndi zomwe watulutsa, basi. Kenako pakati pa 1924 ndi 1932 pafakitale ya Western Electric yotchedwa Hawthorne, kufupi ndi Chicago, panachitika kafukufuku yemwe amatchulidwa kwambiri ndi dzina la Elton Mayo. Anayamba ndi zamagetsi, kufuna kuona ngati kuwala kumasintha kagwiridwe ka ntchito, zotsatira zake zinawasokoneza chifukwa ngakhale atachepetsa kuwala ntchito sinatsike mmene ankaganizira. Koma gawo lomwe ine limandisangalatsa ndi la azibambo olumikiza mawaya. Iwowa ankalipidwa molingana ndi zomwe atulutsa, komabe anali ndi mulingo wawowawo wa ntchito yapatsiku, wopitirira pamenepo ankamunyoza, mwina kumumenyako kankhonya pamkono. Gulu linali ndi mphamvu kuposa ndalama. Akatswiri ena pambuyo pake anadzudzula mmene kafukufukuyu anachitikira, nde musamamutenge ngati malemba oyera, koma mfundo yoti anzako apantchito amakuumba inakhala.

Maslow, 1943, ndi uja wa zosowa za munthu. Herzberg, 1959, anati zinthu zomwe zikasowa munthu amadandaula, monga malipiro ndi malo ogwirira ntchito, nzosiyana ndi zomwe zimamupatsa mtima wolimbikira, monga kuyamikiridwa ndi kupatsidwa udindo. McGregor, 1960, anati pali mabwana oganiza kuti antchito ngaulesi ofunika kuwalondalonda, ndi ena oganiza kuti munthu amafuna kugwira bwino akapatsidwa mpata. Mukayamba ntchito mudzakumana nawo onse awiriwa, mwina pa kolido imodzi.

Nchifukwa chani malekichala amakonda kutipatsa ntchito zapagulu? Si ulesi wochonga basi?

Ena mwina, sindingawaikire kumbuyo onse. Koma kwa wophunzira HR, gulupu ija mukudana nayoyo ndiye kosi yeniyeniyo. M'kalasi mumawerenga za mikangano, mu gulupu mumakangana. M'kalasi mumaphunzira kuuza munthu kuti ntchito yake siyinafike, mu gulupu muli naye pamaso, mnzanu, wakutumizirani ndime zitatu zokopera pa intaneti zilembo zake zamtundu wina mpaka ma link abuluu osachotsa, ndipo mawa lake nkopereka. Mmene muyankhulire naye usiku umenewo ndi luso lomwe mudzadyere. Kuntchito simudzasankha anzanu ogwira nawo, ndipo kumeneko semesita simatha.

Gulupu yathu yangoyamba kumene koma tikungokangana. Tipemphe kuti atigawe?

Dikirani kaye. Bruce Tuckman mu 1965 anafotokoza masiteji omwe magulu ambiri amadutsa: forming, storming, norming, performing. Poyamba aliyense ndi waulemu, "zili bwino, mmene mwaneneramo," palibe akufuna kuoneka wovuta. Kenako zenizeni zimatuluka, uyu akufuna mutu uwu, uyo akuti ndani anakusankha iwe kukhala tcheya, wina wasiya kuyankha mameseji. Mukapirira pamenepa mumayamba kugwirizana kachitidwe, kenako ntchito imayenda. Mu 1977 iye ndi Mary Ann Jensen anawonjezera siteji yachisanu, adjourning, yobalalika ntchito ikatha.

Si magulu onse amatsata mzere umenewu mwadongosolo, ena amabwerera mmbuyo kukabwera munthu watsopano, ena amakhazikika pokanganapo mpaka mapeto. Chomwe chimathandiza nkudziwa kuti kukangana sabata yachiwiri si chizindikiro choti mwalephera. Funso loti mudzifunse ndi loti tikukangana za ntchito kapena za munthu? "Mfundo iyi ilibe umboni" ndi mkangano wabwino, ulekeni upitirire. "Iwe nthawi zonse umadzimva" ndi wina, umenewo uzimitsidwe msanga.

Pali wina sagwira kalikonse koma malikisi tidzalandira ofanana. Titani?

Ili ndiye funso lomwe limabwera kuposa onse, ndipo vutoli ndi lakale. Max Ringelmann, injiniya wa zaulimi wa ku France, anauza anthu kukoka chingwe, wina payekha kenako pagulu, napeza kuti anthu akamachuluka mphamvu yomwe aliyense akuika imatsika. Zimenezi zinasindikizidwa mu 1913. Mu 1979 Latané, Williams ndi Harkins anayesa ndi kukuwa komanso kuomba m'manja, ndipo anthu ankakuwa motsika ngakhale pomwe ankangoganiza kuti akukuwa ndi anzawo koma ali okha. Dzina lake ndi social loafing. Ndiye si mnzanuyo yekha, tonsefe timafooka tikadziwa kuti gawo lathu silioneka.

Mankhwala ake ali pomwepo, gawo la aliyense lioneke. Pa mitingi yoyamba penipeni lembani kuti ndani akuchita chani, pofika liti, ndipo tsikulo likhale masiku angapo lisanafike la lekichala. Osati "tonse tifufuze za chaputala 2," zimenezo palibe achite. Ikani dzina. Gwiritsani dokyumenti imodzi ngati Google Docs yomwe imaonetsa yemwe walemba chani ndi nthawi yake.

Koma musanamuweruze munthu mufunseni payekha, osati pa gulupu pomwe aliyense akuwerenga. Osagwira ntchitowa ali mitundumitundu. Wina ndi waulesi ndithu. Wina sanamve zomwe akufunika kuchita ndipo akuchita manyazi kufunsa. Wina kunyumba kwavuta. Wina anapereka maganizo kawiri konse anzake nkumudula pakamwa, nde anangoti chitani nokha. Mukafunsa "gawo lako lafika pati, pali chakutsekereza?" mumva kuti ndi uti. Akapitiriza osasintha, mulembereni meseji yomveka, yopanda chipongwe, yonena chomwe anavomera ndi tsiku lake. Zikakanikabe pitani kwa lekichala nthawi ikadalipo, umboni uli m'manja. Kupita mutapereka kale ndi kungodandaula. Ndipo taonani zomwe mwachitazo: kukamba naye, kumuchenjeza polemba, kukweza nkhani. Ndondomeko ya chilango pantchito imayenda chonchi.

Ine ndi amene ndimathera kulemba zonse chifukwa anzanga amalemba zosalongosoka. Ndalakwa?

Malikisi mupeza, koma inde pali cholakwika. Mukalembanso gawo la mnzanu usiku osamuuza, mwamuphunzitsa kuti ulendo wina asadzavutike nkomwe. Mubwezereni ndi ndemanga ziwiri zitatu zenizeni, akonze yekha, ngakhale zituluke zosafika mmene mukanalembera inuyo. Manijala wogwira yekha ntchito za anthu ake amatopa, ndipo anthu akewo sakula.

Ndine wofatsa, pagulu sindiyankhula kwambiri. HR ndingaithe? Nanga mu timu ndingathandize chani?

Mungaithe, mwinanso kuposa olongolola, chifukwa theka la ntchitoyi ndi kumvetsera. Munthu akabwera ndi dandaulo safuna wa HR womudula ndi nkhani zake.

Za mu timu, Meredith Belbin anakhala zaka akuonerera matimu a mamanijala ku Henley ku England, ndipo chimodzi chomwe anapeza nchoti matimu odzadza ndi anthu anzeru kwambiri okhaokha nthawi zambiri sankachita bwino, ankathera nthawi kutsutsana aliyense kufuna mfundo yake ipambane. Anatchula maudindo asanu ndi atatu omwe timu imafuna, kenako anawonjezera wachisanu nchinayi. Pali wobweretsa maganizo atsopano, wolumikiza anthu, wokankha kuti zinthu ziyende, wounika modekha, woyanjanitsa, womalizitsa yemwe amaona kuti tsamba 7 likusowa ndipo dzina la lekichala talilemba molakwika. Ofatsa ambiri amakhala ounika kapena omalizitsa, ndipo gulupu yopanda womalizitsa imapereka ntchito ya mabowo. Chokhacho, mfundo yanu isafere mmutu. Ngati pakamwa pakuvuta ilembeni mitingi isanayambe muitumize.

Gulupu yathu sitikangana olo pang'ono, tonse ndife ma friends. Si ndiye zabwino?

Apa nde ine ndimachita mantha. Irving Janis mu 1972 anafotokoza chomwe anachitcha groupthink, pomwe gulu logwirizana kwambiri limasiya kufunsa mafunso kuopa kusokoneza mtendere. Chimodzi mwa zitsanzo zake chinali cha Pulezidenti Kennedy wa ku America ndi alangizi ake pomwe anavomereza zokaukira Cuba ku Bay of Pigs mu 1961, anthu ophunzira bwino, ena anali ndi chikaiko koma anangokhala chete, zinthu nkukanika. Pa assignment zimachitika motere: woyamba kuyankhula wanena mmene walimvera funso, onse "eya eya," masabata atatu mukulemba, kenako pepala likubwera ndi ndemanga yoti simunayankhe funso, nde wina nkumati ine ndinaona koma sindinafune kuvuta.

Amy Edmondson wa ku Harvard analemba mu 1999 za psychological safety, kutanthauza kuti mu timu munthu atha kufunsa, kutsutsa kapena kuvomera kuti walakwitsa osaopa kusekedwa. Chinamuyambitsa nchoti pofufuza mzipatala anapeza kuti matimu oyenda bwino ndi omwe ankanena zolakwika zambiri, osati poti ankalakwitsa kwambiri koma poti sankabisa. A Google nawo atafufuza matimu awo pafupifupi 180 mu Project Aristotle anapeza kuti ichi ndiye chinali patsogolo pa zonse. Nde yesani izi: musanagwirizane, aliyense alembe payekha mmene walimvera funso, kenako muwerenge zonse. Ndipo wina apatsidwe ntchito yotsutsa dala.

Mtsogoleri wa gulupu tisankhe bwanji?

Osati wamawu okwera, osati wamalikisi okwera. Sankhani yemwe amayankha mameseji ndipo amakumbukira zomwe munagwirizana. Ngati semesitayo ili ndi ntchito zingapo, muzisinthana.

Ndikasemphana ndi munthu ndimangongosiya kuti zithe. Nkulakwa?

Zimatengera. Kenneth Thomas ndi Ralph Kilmann mu 1974 anaika njira zisanu zomwe anthu amatsata pa mkangano: kulimbana mpaka upambane, kugonjera, kupewa, kukumana pakati, ndi kukhala pansi kufufuza njira yokomera onse. Palibe yoipa nthawi zonse. Mkangano wa mtundu wa zilembo pa slide gonjani, moyo upitirire. Koma wina akufuna muike zokopera mu ntchito yomwe ili ndi dzina lanu, pamenepo limbani, chifukwa chilango chake chigwera nonse. Vuto limakhala pomwe munthu ali ndi njira imodzi yokha. Wopewa nthawi zonse amasunga zinthu mumtima kenako amadzaphulika pa kanthu kakang'ono anthu nkumadabwa. Ndipo wa HR wopewa mikangano ndi tsoka, poti mikangano ya anthu ena onse imathera pa desiki yake.

Timakumana pa intaneti basi, ena sitinaonanepo. Zingayende?

Zimayenda koma zimafuna kulemba kwambiri. Gulupu ya WhatsApp ndi yabwino pokumbutsana, ndi yoipa posunga zomwe mwagwirizana, mfundo yofunika imamira pansi pa ma sticker ndi ma voice note a mphindi zisanu omwe palibe amvetsere. Mukatha kuyankhulana pa Zoom kapena pa foni, mmodzi alembe mizere isanu: tagwirizana izi, uyu achita ichi, pofika tsiku ili. Komanso meseji ilibe nkhope, "ok" wamba wina amamumva ngati mwakwiya. Nkhani ikayamba kutentha siyani kutaipa, imbani.

A HR amakhala mbali ya ndani, ya antchito kapena ya mabwana?

Tisanamizane, amalipidwa ndi kampani ndipo amagwirira ntchito kampani. Wa HR si loya wa wantchito, si wa yuniyoni. Koma wodziwa ntchito yake amazindikira kuti kuteteza kampani nthawi zambiri nkuiletsa kuchitira anthu nkhanza, chifukwa kuchotsa munthu mopanda chilungamo kumabweretsa milandu, ndipo otsalawo amaona nkuyamba kufunafuna kwina mwakachetechete. Nde mumakhala pakati, uku akuti ndinu kazitape wa mabwana, uku akuti mukunyengerera antchito. Ngati mumafuna aliyense azikukondani, apa pakuwawani.

Ndiyambe ndi satifiketi, dipuloma kapena digiri? Nanga za CIPD ndi SHRM nzofunika?

Yambani ndi chomwe thumba ndi nthawi zikulola, bola sukuluyo ikhale yovomerezeka ndi oyang'anira maphunziro m'dziko lanu, fufuzani musanalipire. Ambiri amayamba ngati othandizira muofesi ya HR, kusunga mafayilo ndi kuwerengera masiku atchuthi, nkumakwera akuphunzira. CIPD ndi bungwe la akatswiri a HR la ku UK lomwe mizu yake ndi ya mu 1913, SHRM ndi la ku America, linayamba mu 1948. Mapepala awo amadziwika mmayiko ambiri koma si otchipa, nde onani kaye zomwe olemba ntchito komwe mukufuna kukagwira amapempha. Mayiko ambiri alinso ndi mabungwe awoawo. Mpata wa attachment ukapezeka musaukane ngakhale akakuikeni pa mafayilo, mufayilo ya munthu mmodzi mumaona kontrakiti, makalata ochenjeza, kukwezedwa, zonse zomwe m'kalasi munangozimva.

Kompyuta ndi AI sizitilanda ntchitoyi?

Zina zatenga kale, kusefa ma CV, kuwerengera malipiro, kusunga marekodi. Koma makina osefa amatha kukondera ngati anaphunzira pa zosankha zokondera zakale, nde pamafunikabe munthu wofunsa kuti bwanji onse osankhidwawa akufanana. Ndipo anthu awiri omwe sakuyankhulana muofesi imodzi sangayanjanitsidwe ndi pulogalamu.

Pa intavyu akandifunsa za kugwira ntchito pagulu ndiyankhe bwanji poti sindinagwirepo ntchito?

Musakanene kuti "ndimagwira bwino ndi anthu," aliyense amene walowa mchipindamo inu musanalowe wanena zomwezo. Tengani gulupu imodzi yeniyeni, makamaka ija inavutayo. Nenani ntchito yomwe munapatsidwa, chomwe chinasokonekera, chomwe inuyo munachita, ndi mmene zinathera. Mwachitsanzo: tinalipo asanu, mmodzi anasiya kubwera, ndinamuimbira ndekha ndinapeza kuti gawo lake sanalimvetse, tinasinthana magawo, tinapereka pa nthawi yake. Zikhale zoona, chifukwa ofunsawo ndi a HR ndipo adzafunsa kachiwiri kuti nanga iye anati chani. Musamunyoze mnzanuyo pofotokoza, akumvetseranso mmene mumakambira za anthu omwe palibe. Ndipo poti pakatha chaka zambiri mudzakhala mutaiwala, gulupu iliyonse ikatha lembani penapake mizere ingapo ya zomwe zinachitika ndi zomwe inu munachita.